Dandaulo Lopanda Kwawo

Magetsi athawa kale ku Kabwata,
jenereta ya pansi ikutsokomola ngati wosuta chingambwe,
ine ndatsala ndekha ndi kompyuta
pa nsanjika yachitatu, mumsewu wa Cairo,
kuwerenga madandaulo a makina.

Zalephera, 4:52.
Zalephera, 4:53.
Kenaka nambala yaitali ngati ya chitupa,
yopanda dzina, yopanda chiwongo.

Ku Kanyama amake Zelipa amalipira pa foni,
makwacha asanu amachoka,
mpope wa pakiyosiki n'kungoti zii.
Zigubu zimandanda tambala asanalire kachiwiri,
ndipo amene amatukwanidwa ndi mnyamata wa makiyi,
yemwe sanalembepo ngakhale kadontho.

Mwana wotayika pamsika wa Soweto,
wongolira, mamina mpaka pachibwano,
ukamufunsa kuti ndiwe wa yani akuloza kumwamba:
umayambira pati?

Koma ndife tinawavula mayina ana amenewa.
Kasonde anati pulogalamu yanenepa,
siikwana m'kabokosi ka pampope,
ndiye tinaimeta mpala,
zizindikiro zonse kudzala,
tinaombera m'manja kuti yapepuka.

Usiku uno ndikuwasokerera mayina pakolala.
Chochitika chilichonse, chisanatuluke pakhomo,
chitchule fayilo imene chabadwiramo,
mzere umene chadzukapo,
amene wachituma,
ndi amene anatuma wotumayo,
monga uthenga wa maliro pa wailesi:
uje, mwana wa auje, mudzi wakuti, boma la Katete,
kuti womva adziwe basi yoti akwere.

Kasonde adzang'ung'udza kukacha, ndikumudziwa:
mauthenga alemera, mabandulo akutha msanga.
Eya. Dzina limalemera.
Pa Kulima Tower anyamata amakuwa kumene basi ikupita;
ine ndikufuna ikuwe kumene yachokera.

Ndamanga. Ndatumiza. Ndadikira.
Tiyi wachita khungu m'kapu.
Alonda a pansi, a Yotamu, akwera kudzaona ngati ndafa,
abwerera ndi theka la chitumbuwa changa.

Ndiye 4:52 yakwana,
dandaulo lalowa litavala dzina:
Zalephera. Fayilo ya malipiro, mzere 412,
wotumidwa ndi wotsegula mpope, mzere 87.

Ha! Kodi khodi iwe, unali pompano?
Masabata atatu ndakhala ndikufukula kuseri,
kunamizira netiweki, kunamizira mvula,
kunamizira ngakhale makoswe a m'kabokosi.

Mzerewo ndi waufupi, wofatsa ngati wosalakwa.
Umadikira yankho masekondi atatu okha.
M'bandakucha, Kanyama yense akadzuka ndi foni m'manja,
yankho limachedwa m'njira,
iwo umataya mtima, n'kutseka chitseko,
ndalama osabweza.

Pamwamba pake pali mawu a munthu,
amene makina sawerenga:
pakali pano zikhale chonchi, ndidzakonza mawa.

Ndafunsa kaundula kuti analemba ndani,
mkwiyo uli kale pakhosi.
T. Sakala, Lachinayi, mwezi wa Juni, zaka zitatu zapitazo.
Tikambenji Sakala.
Fisi ndamusaka mtunda wonsewu
n'kumupeza atavala nsapato zanga.

Lachinayi limenelo ndikulikumbuka.
Anandiimbira ali ku UTH
kuti atate asiya kumeza.
Ndinasiya mzere uli chiimire,
jekete pampando,
n'kuthamangira basi pa Kulima pomwepo.
Mawa lake tinali kusankha bokosi.

Mawa lija lafika lero,
lasenza zigubu makumi anayi.

Ndafufuta mawu aja pang'onopang'ono,
chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto.
Ndauphunzitsa mzere kudikira,
ndi kubweza cha mwini ukatopa.

Kunja mahutala ayamba,
wogulitsa nyuzipepala akumasula mtolo.
Pagalasi patuluka uthenga wina, nawonso ndi dzina lake:
Mpope watseguka, mzere 91.

Sindikumva kuchokera kuno,
koma ndikudziwa mmene chigubu chimalirira:
chimayamba ndi besi, chopanda kanthu,
mawu n'kumakwera, n'kumakwera,
mpaka amake Zelipa atagwira chivindikiro.